Makaseti a Achimwene pa Thandala

Achimwene anga ali ndi ndevu, ali ndi ntchito yokonza mafiriji, ali ndi mkazi, koma mpaka chaka chatha chinthu chimene ankachikonda kuposa zonsezi chinali m'chitini chokhoma pansi pa bedi. Makaseti a gemu. Osati magemu a pa foni awa ayi, koma akalekale aja, olowetsa pamwamba pa kamakina n'kulumikiza ku TV ya chimimba, amene tianthu take timakhala ta makonamakona ngati tomangidwa ndi njerwa.

Anayamba kutolera ine ndili kupulayimale. Loweruka likakwana ankazungulira misika, kuyambira wa ku Kawale konkuno, kwa Biwi, kwa Chinsapo, mpaka ku Mgona, kufukula milu ya zidole za kaunjika zija amazikhuthulira pa chiguduli, zimbalangondo za diso limodzi pamodzi ndi tigalimoto topanda mateyala. Ogulitsa anawazolowera. Akangowaona patali ankakuwa kuti, "Abwana a zinyalala afika, vundukulani!" Iwo osakwiya. Ankabwera kunyumba thukuta lili kamukamu, kakaseti kamodzi m'thumba la malaya, akumwetulira ngati awina mpira.

Ife timakhala nyumba yakutsogolo ndi makolo. Achimwene amakhala mu boyizikota kuseri. Aliyense wamwamuna wolowa pa mpanda pathu, kaya wabwera kudzabwereka wilibala, ankayenera kumva phunziro. Akuti makaseti achikasu opepuka aja, olembedwa kuti muli magemu zikwizikwi, ndi feki, mumangokhala magemu omwewomwewo atasintha mtundu. Enieni ndi otuwa, olemerako, ndipo zomangira zake sikuludiraiva wamba sangamasule. Kenako ankatsitsa mawu, n'kuloza sitika ya pamwamba, kapepala ka chithunzi kaja.

"Gemu yokhayo ili paliponse, ngakhale pa foni mutha kuipeza. Chimene anthu odziwa amagula ndi nkhope iyi. Ikangong'ambika pang'ono, mtengo wagwa. Ikakhala ndi bokosi lake, ndiye eee."

Ankanena zimenezi ine ndili pomwepo ndikusenda mbatata. Ankaganiza kuti mtsikana akamasenda mbatata makutu amatseka.

Mfumu ya makaseti onsewo inali ina yopakidwa utoto wagolide, ya chithunzi cha munthu wonyamula lupanga. Anaipeza ku Mgona ili m'bokosi lake lomwe, ndi kabuku kake mkati. Imeneyo ankaigwira atasamba m'manja.

Ine ndinasewerapo kamodzi kokha. Ndili Fomu 2, iwo ali kuntchito, ndinalowa ndi anzanga awiri, tinalumikiza, ndinauzira mpweya kunsi kwa kaseti monga ndinkawaonera iwo, gemu n'kuyaka. Tinali pakati posangalala pamene chitseko chinatseguka. Anandiwomba mbama pamaso pa anzangawo, khutu mpaka kulira.

"Manja ako amafuta a mandasiwo! Mtsikana ndi gemu wapi ndi wapi? Pita ukakweche mapoto uko!"

Mawa lake anagula chitini cha loko. Anzanga aja anakafalitsa kusukulu, ndipo temu yonse anyamata akandiona ankachita ngati akukwecha poto m'malere. Ine sindinalire. Ndimadziwa kudikira.

Bambo athu ndiye sankawapatsa mpata achimwene. Pa chakudya chilichonse nkhani inali imodzi.

"Anzako akugula mapoloti ku Area 25, iwe ukugula zidole. Ndevu zonsezo. Ukadzabereka mwana muzidzalimbirana?"

"Adadi, tsiku lina mudzaona."

"Ndidzaona chiyani? Maso angawa ayamba kale kuchita khungu ndikudikira."

Anthu onse a mzere wathu ankadziwa kuti kwa ife kuli mwana wandevu. Achimwene ankangomeza. Moyo wawo wonse unatsamira pa mawu amodzi aja akuti mudzaona.

Kenako anakwatira. Alamu anachokera kumudzi cha ku Kasiya, munthu waulemu woti akamapereka madzi ngakhale kwa ine amapinda maondo. Kuchilangizo anankungwi anawauza kuti nyumba ya mkazi isamapezeke ndi kanthu kakuda, ndipo iwo anazitenga ngati lamulo la Mose. Mapoto awo ukhoza kufinyirapo chiphuphu. Ankakwecha kunsi kwa beseni, ankakwecha khasu, tsiku lina ndinawapeza akukwecha loko wa pageti ndi phulusa. Chinthu chokha chimene sanachikhudzepo chinali chitini chija. Achimwene anangowauza kuti musakhudze, basi. Za nkhope, za bokosi, za mtengo, sanawafotokozerepo. Phunziro lija linali la amuna obwereka wilibala.

Tsiku lina achimwene analowa m'nyumba yaikulu foni ili m'mwamba. Pa gulu lina la pa foni la anthu okonda zakalezi, anatumizapo zithunzi za makaseti awo. Bambo wina wa kumayadi, amene anakhalitsa ku Joni ndipo ali ndi chipinda chathunthu cha magemu, anaona zithunzizo n'kuimba yekha. Akubwera Loweruka masana kudzaona ndi maso.

"Adadi, Loweruka musachoke. Ndikufuna mudzamve ndi makutu anu."

Anauza aneba. Anauza wometa wa pakona. Anauza ngakhale amayi ogulitsa makala. Anameta ndevu, kusiya kachidutswa pachibwano.

Loweruka m'mawa anatsegula chitini, n'kusanja makaseti onse patebulo mwadongosolo, mabokosi ake mbali ina, yagolide pakati. Anali ndi firiji yoti akaone ku Area 23, kenako akakumane ndi mlendoyo m'tauni kuti amulondolere njira. Ndinawamva akutsanzika.

"Mukonze m'nyumba muno bwinobwino. Kukubwera munthu wolemekezeka."

"Chabwino abambo," anatero alamu.

Amayi anali kumsonkhano wa amayi kutchalitchi. Adadi anali ku bawo. Pa mpanda ponse tinatsala awiri.

Ndinapita kuseri nkhope nditaigwetsa ngati ndachokera kumaliro. Ndinawapeza alamu akukolopa mozungulira tebulo, osaligunda n'komwe.

"Mwadzuka bwanji alamu?"

"Ndadzuka mlamu wanga, kaya inu. Bwanji nkhope imeneyo?"

"Palibe."

"Nenani."

"Ayi, mungadzati ndine wamiseche."

Anasiya chokolopera. Ndinayang'ana kugeti, kenako ndinanong'ona.

"Dzulo achimwene amadandaula kwa Amayi. Akuti akuchita manyazi kubweretsa mlendo. Akuti zinthu zawozi zachita kuda chonchi ngati m'nyumba mulibe mkazi."

Alamu anagwira pamtima. "Koma anandiletsa okha! Anati ndisakhudze!"

"Amuna amatero, alamu. Amakuyesani kuti aone ngati muli ndi maso. Kodi anankungwi sanakuuzeni zimenezi?"

Palibe mkazi watsopano amene angavomere kuti pali chimene anankungwi anamudumphitsa.

"Taganizani," ndinapitiriza. "Masiku onsewa zimakhala zokhoma. Lero atsegula okha, aziyala patebulo, n'kukuuzani kuti mukonze bwinobwino. Mukufuna achite kukugwirani dzanja?"

Anayandikira tebulo n'kuwerama. Ndipo kunena zoona, zinthuzo zinali zakuda. Zina zinasanduka zachikasu ngati mano a munthu wosuta fodya. Zina zinali ndi maina a ana achizungu olembedwa ndi cholembera, zina litsiro la zala za anthu amene mwina anamwalira kalekale.

"Mayo ine," anatero alamu. "Ndiye Amayi akundiona ngati wauve?"

"Sananene choncho. Anangopukusa mutu."

"Nanga timapepala tomatati?"

"Mukagula poto watsopano kusitolo, kapepala kaja mumakasiya?"

"Ayi, ndimachotsa."

"Basitu."

Anamanga chitenje mwamphamvu. Ndikuuzeni, chibadwire sindinatungepo madzi osatumidwa, koma tsiku limenelo ndinathamanga ndekha kumpopi ndi ndowa, kubwerera, kupitanso. Alamu anathira sopo waufa m'beseni lalikulu lochapira, thovu n'kukwera, kenako anakokolola makaseti onse patebulo ndi mkono umodzi, khuu, m'madzi. Anati ayambe anyowa kuti timapepala tifewe.

Tinafewadi. Posakhalitsa nkhope zinayamba kuyandama pamwamba pa thovu. Wankhonya wina anadutsa chagada. Kagalimoto kofiira kanapindika pakati n'kumira. Chinjoka china chobiriwira chinamatirira pa mkono wa alamu, iwo n'kuchithothola ngati nkhupakupa. Ine ndinakhala pa mtondo, manja ndapinda. Sindinakhudze kanthu. Achimwene anandiletsa.

Kenako anatenga waya wokwechera mapoto ndi phulusa. Alamu akamakwecha amaluma mlomo wam'munsi, ndipo amayimba nyimbo ya kwaya chapansipansi. Imodziimodzi, kutsogolo, kumbuyo, m'mbali, kutsukuluza, kuika pambali. Atafika pa yagolide anaitembenuza kawiri.

"Iyi bwanji ikusiyana ndi zinzake?"

"Dzimbiri limenelo, alamu. Imeneyo ndiye amadandaula nayo kwambiri."

Inawavuta. Anachita kuwonjezera mchenga. Golide uja anatuluka pang'onopang'ono, madzi n'kumanyezimira ngati mafuta odzola a pa ukwati, mpaka kaseti inatsala yotuwa ngati bulu. Anaikweza m'mwamba kuti ndione.

"Mwaonatu?"

"Manja anu ndi odala, alamu."

Za mabokosi sindinachite kuvutika. Atanyamula limodzi, munatuluka mphemvu, yaikulu bwino, n'kuthamangira pa phazi lawo. Anakuwa. Ine ndinangoti, "Ndiye mlendo adzatsegule yekha n'kukumana ndi imeneyo?" Makala a tsiku limenelo anali onyowa, ovuta kuyaka. Mabokosi aja ndi kabuku kaja anathandiza kwambiri. Mbaula inayaka bwino, madzi a tiyi wa mlendo n'kuwira.

Makaseti anawayanika pa thandala, pakati pa mbale ndi makapu, m'mizere yowongoka. Dzuwa la mwezi wa Okutobala linawaumitsa msanga. Onse ofanana, otuwa, osalala, opanda nkhope, ngati ana asukulu ometedwa mpala tsiku lotsegulira. Alamu anandipatsa chitumbuwa chifukwa chowatsegula maso. Ndinadya.

Masana galimoto yoyera inaima pageti. Ana a mzere wonse anaizungulira. Adadi anali atabwerako ku bawo, atavala jekete la kutchalitchi ngakhale kunkatentha, Amayi nawonso anali atafika. Aneba awiri anapezeka kuti ali ndi nkhani yofunika kukambirana pafupi ndi mpanda wathu. Wometa uja anasiya munthu mutu uli theka.

Mlendoyo anali bambo wonenepa, wa kachikwama kachikopa, wolankhula mofatsa. Anamukhazika pansi pa mtengo wa mango kutsogolo, poti mlendo sungamupititse kuseri asanalonjeredwe. Alamu anabwera ndi tiyi, anagwada, anapereka, nkhope ikuwala kuposa mapoto awo. Achimwene anakhala kumphepete kwa mpando.

"Bambo," anatero mlendo kwa Adadi, akumwa tiyi, "mwana wanuyu ali ndi diso. Ine ndazungulira, koma zimene ndaona pa zithunzi zija sindinayembekeze kuzipeza ku Kawale."

"Zidolezi?" anatero Adadi.

"Si zidole, bambo. Yagolide ija yokha, ndi bokosi lake ndi kabuku kake, kunja kuli anthu amene angalimbirane. Anthu agulapo malo ndi zinthu ngati zimenezi."

Adadi anaika kapu pansi. Anatembenuka n'kuwayang'ana achimwene, nthawi yaitali, mmene sindinawaonepo akuwayang'ana. Kenako anati, "Mwanayu kuyambira ali wamng'ono ndi wosamala zinthu." Bodza lenileni, koma achimwene maso anadzaza misozi. Anayang'ana kumpanda kuti aone ngati aneba amva. Anamva.

Ine ndinali nditatsamira khoma, ndikudziluma tsaya mkati kuti ndisaphulike.

"Tiyeni tikaone," anatero mlendo. Anatsegula kachikwama n'kutulutsa galasi lokulitsira zinthu ndi magolovesi oyera. Magolovesi!

Tonse tinazungulira nyumba, achimwene patsogolo. Analowa mu boyizikota, ife tinaima panja. Tinamva mawu awo.

"Zili kuti? Zinthu zanga zili kuti?"

Alamu anagwada pafupi ndi thandala, manja pamodzi, mawu a munthu amene wakhoza mayeso.

"Zili apa abambo. Ndatsuka zonse. Zauma kale."

Achimwene anatuluka. Anayang'ana thandala. Ndikukhulupirira kuti poyamba sanazindikire, chifukwa maso awo anadutsa kawiri, kuchoka pa makapu kufika pa mbale. Kenako anatulutsa kaphokoso kena kochokera pakhosi, konga ka firiji imene gasi wathamo. Anakhala pansi pafumbi ndi thalauza la ukwati.

Mlendo anayandikira. Anatola imodzi ndi magolovesi ake aja, anaitembenuza, anainunkhiza.

"Iyi inali iti?"

Achimwene anaiyang'anitsitsa. Munthu amene ankadziwa kaseti iliyonse ndi msika umene anaigula sanathe kusiyanitsa ngakhale imodzi.

"Nanga yagolide ija?"

"Ya dzimbiri ija?" anatero alamu. "Ndi iyo, yachitatu kuchokera ku sefa. Inavuta koma inatheka."

"Bokosi lake?"

Alamu analoza mbaula. Mlendo anayang'ana mbaula, anayang'ana keturo, kenako anagwira pamimba pake pamene panali tiyi uja. Anavula magolovesi chala chimodzichimodzi.

Adadi anakhosomola. "Ndiye pamenepa, malo aja?"

"Bambo," anatero mlendo, "izi apatseni ana aziseweretsa."

Apa ndiye ndinalephera. Ndinaseka mpaka kugwada, mpaka kumenya pansi ndi chikhatho. Kuseri kwa mpanda wometa uja anayamba, aneba n'kulandira. Alamu anayang'ana amuna awo, anayang'ana ine, ndipo ndinaona nkhope yawo ikuzima pang'onopang'ono pamene zinthu zinkalumikizana m'mutu.

"Ndi mlamu! Anati mumadandaula kwa Amayi! Anati mukundiyesa!"

"Kwa ine?" anatero Amayi. "Liti?"

"Ine sindinakhudze chilichonse," ndinatero. "Achimwene anandiletsa. Anati za mtsikana ndi kukwecha."

Amayi anandithamangitsa ndi mthiko kuzungulira nyumba, galimoto ya mlendo ikubwerera chambuyo pageti. Anandipeza pa bafa. Mthiko unathyoka. Ndinakhala sabata ndikugona chammbali, ndipo mwezi wonse mapoto a nyumba ziwiri anali anga. Ndinkakwecha ndikuimba nyimbo ya kwaya ija.

Madzulo a tsikulo achimwene ndinawaona atanyonyomala pa ngalande pamene alamu anataya madzi a m'beseni, akutola tizidutswa ta mapepala ndi kamtengo ka machesi. Anapeza theka la mutu wa wankhonya ndi mchira wa chinjoka. Anaziyanika pawindo. Mphepo inatenga.

Alamu anapita kwawo ku Kasiya. Ankhoswe anayenda maulendo angapo, minibasi ndi kabaza, mpaka alamu anabwerera. Sandiyankhula. Akamandipatsa madzi sapindanso maondo. Ndipo masiku ano satsuka kanthu osafunsa. Timawamva kuseriko: "Abambo, supuni iyi nditsuke kapena ndi yamtengo?" Sindidziwa ngati amafunsa mwaulemu kapena mwachipongwe. Ndikuganiza kuti ayamba kuchangamuka, ndipo ayenera kundithokoza.

Adadi sanenanso za mapoloti a ku Area 25. Amangoti achimwene akamadutsa, "Wosamala zinthu uja," basi. Pa msika ogulitsa zidole akamakuwa kuti abwana afika, achimwene amawolokera tsidya lina la msewu.

Makaseti aja Adadi anawalongeza okha m'katoni, pamodzi ndi kamakina ndi TV ya chimimba, n'kudzaika pabalaza pathu. Anati mlendo wolemekezeka ananena kuti apatse ana, ndipo mwana pakhomo pano ndi ine. Achimwene sanatsutse. Chodabwitsa n'chakuti ambiri akugwirabe ntchito. Azungu akale ankapanga zinthu zolimba, sopo ndi phulusa sizinalowe mkati. Ungouzira kunsi kawiri, yayaka. Poti onse ndi ofanana, sudziwa chimene watola mpaka chitawonekera pa TV. Ine ndimakonda choncho. Anzanga awiri aja amabwera tikaweruka, timangotola mwa maere.

Achimwene akamachokera kuntchito amadutsa pawindo la pabalaza. Gemu iliyonse amaidziwa ndi kanyimbo kake, ndipo phazi lawo limachedwa pang'ono pamenepo. Tsiku lina masana ndinalowetsa ina, kanyimbo n'kuyamba, ndipo ndinaona mthunzi waima pa katani.

"Imeneyo ndi yagolide ija," anatero chapansipansi.

"Ooh, ndi imeneyi? Yovutatu. Munkadutsa bwanji pa mlatho apa?"

Ngati munthu amene mawu amutuluka okha, anati, "Uyambe watenga nyali kuphanga lakumanzere."

Ndinapita kumanzere, nyali inalipodi.

"Lowani mudzasewere, achimwene," ndinatero, osachotsa maso pa TV. "Koma muyambe mwasamba m'manja. Manja anu agirisiwo angandidetsere zinthu."